Nkhata za maluwa pa makhonde a ku Tulle si za chikondwerero

Achemwali, mwafunsa ngati nkhata za maluwa zimene mwaona pa chithunzi zitapachikidwa pa makhonde a nyumba zosanja ku Tulle, m'dziko la France, ndi za ukwati kapena chikondwerero. Ayi ndithu, ndi za maliro. Amazipachika chaka chilichonse pa 9 June, m'misewu momwe anthu ananyongedwera.

Nkhani yake ili motere. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali a Britain ndi America atafika ku Normandy, kumpoto kwa France, pa 6 June 1944, zigawenga za ku France zolimbana ndi Germany zinalimba mtima n'kuthira nkhondo asilikali achijeremani amene ankalondera Tulle, pa 7 ndi pa 8 June. Madzulo a pa 8 kunatulukira gulu la SS (asilikali a chipani cha Nazi cha ku Germany) lotchedwa Das Reich. Kutacha anagwira amuna a m'tauniyo n'kuwakusira ku fakitale ya mfuti ya ku Souilhac. Kumeneko anasankha oti aphedwe pobwezera. Amuna 99 anawanyonga pa makhonde ndi pa mapolo a magetsi, anzawo atakakamizidwa kuonerera. Mitembo anakaitaya kudzala la ku Cueille, kumene lero kuli malo achikumbutso. Enanso 149 anawatumiza kundende yozunzirako anthu ya Dachau ku Germany, ndipo 101 mwa iwo sanabwerere.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti tauniyo sinaime. M'nyumba zomwezo mukukhala mabanja, pansi pake pali mashopu, ana akudutsa popita kusukulu. Msewu wina anautcha Rue du 9 Juin 1944, moti munthu polemba keyala yake amalemba tsikulo. Pa 9 June anthu amayenda chamwachete kuchoka ku Souilhac mpaka ku Cueille.

Ambiri opita ku dera limenelo amathamangira ku Oradour-sur-Glane, kufupi ndi Limoges, kumene asilikali a gulu lomwelo anapha anthu 643 tsiku lotsatira, pa 10 June. Mudzi umenewo anausiya uli mabwinja mwadala, polamulidwa ndi mtsogoleri wa France, Charles de Gaulle. Kumeneko pitani, koma ku Tulle musalambalale. Mabwinja amakuuza okha kuti pano panachitika zoopsa, pamene ku Tulle ukhoza kumwa khofi pansi pa khonde lomwelo osadziwa kanthu, ngati palibe wokuuza. N'chifukwa chake nkhatazo ndimaziona kuti n'zofunika kwambiri.

Ndipo chilonda chake sichinapole bwino. Heinz Lammerding, mkulu wa Das Reich, khoti la ku Bordeaux linamugamula kuti aphedwe mu 1951 iye kulibe, koma West Germany sinamupereke. Anakhala akuyendetsa kampani yake ya zomangamanga ku Düsseldorf, ndipo anamwalira mu 1971.

Ngati mukufuna kukaona nkhatazo, konzani ulendo wanu kuti pa 9 June pakupezeni muli komweko, ndipo pa ulendo wachetewo foni ikhale m'thumba.