Kodi Fistula ya Dayalisisi Ingapangidwe Kumwendo?

FUNSO: Adokotala, amuna anga ali ndi vuto la impso ndipo amatsukidwa magazi pamakina (dayalisisi). Fistula ya kudzanja inatsekeka, ya pachigongono nayonso yafa. Tsopano akuti ayesa kumwendo, pafupi ndi kakolo. Kodi zimatheka, nanga mwendo suwonongeka? — Mayi wankhawa

YANKHO: Mayi, zimatheka, koma mwendo ndi malo omaliza. Madokotala amapitako mitsempha ya m'manja onse awiri ikatha, kapena mitsempha ikuluikulu ya pachifuwa ikaphinjika chifukwa cha machubu otsukira magazi oikidwa m'mitsempha ya pakhosi amene anakhalitsa.

Fistula imeneyi si matenda a amayi aja ayi. Dokotala amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi mtsempha wobwezera magazi kumtima, kuti wobwezerawo ufufume n'kumalola singano ziwiri za makina otsukira magazi. Pakakolo amatenga mtsempha wa posterior tibial, umene umagunda kuseri kwa fupa la kakolo mbali ya m'kati, n'kuusokerera ku mtsempha wa saphenous wodutsa kutsogolo kwa fupa lomwelo.

Vuto lake n'lakuti mtsempha wa saphenous uli ndi khoma lochindikala, ndiye sufufuma msanga. Fistula yokhwima bwino imafunika kukula mamilimita 6, isalowe pansi pa khungu kuposa mamilimita 6, ndipo izidutsa magazi okwana mamililita 600 pamphindi. Kudzanja zimatenga masabata 6 kapena kuposerapo. Pakakolo nthawi zambiri miyeso imeneyi sikwana. N'chifukwa chake madokotala ambiri amasankha ntchafu: amasendeza mtsempha wa femoral, womwe ndi mtsempha waukulu wobwezera magazi m'ntchafu, kufupi ndi khungu, kapena amaikamo kachubu kochita kupanga ka mamilimita 6, kamene kamayamba kubayidwa pakatha masabata awiri kapena atatu. Kachubuko kamafulumira ndithu, koma kamagwira tizilombo mosavuta chifukwa kali pafupi ndi m'mphechepeche.

Za kuwonongeka kwa mwendo, nkhawa yanu ndi yomveka. Fistula imapatutsa magazi amene akanapita kuphazi. Ngati amuna anu ali ndi shuga kapena mitsempha yawo ya m'miyendo inachepa kale, phazi limazizira, limachita dzanzi, limapweteka usiku, ndipo zala zingatuluke zilonda zosapola. Choncho musalole opaleshoni madokotala asanawaunike mitsempha ndi sikani, komanso asanayerekeze kuthamanga kwa magazi kwa pakakolo ndi kwa pamkono. Kwa pakakolo kukatsika kwambiri, mwendo umenewo ausiye. Mufunsenso ngati akuyembekezera kuikidwa impso ina: impsoyo imalumikizidwa ku mitsempha ya m'chiuno, kawirikawiri kumanja, ndiye ndi bwino kusunga mbali imeneyo.

Opaleshoni ikachitika, m'mawa uliwonse ikani zala pamalowo. Muzimva kunjenjemera kosalekeza pansi pa khungu. Kukasiya, magazi aundana. Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa fistula imatseguka ikafulumiridwa. Masokosi othina ayi, kupingasa miyendo ayi, ndipo pokhala pansi azisanjika mwendowo pamwamba kuti usatupe. Muziona pakati pa zala zakuphazi madzulo aliwonse. Pobayidwa singano pakafiira, pakatentha kapena pakatuluka mafinya, musadikire tsiku la dayalisisi. Magazi akayamba kutuluka kunyumba, agonekeni pansi, dinikizani pamalowo mwamphamvu ndi nsalu yoyera osachotsa dzanja, wina afune galimoto.