Yankho kwa azakhali pa nkhani ya zala zotupa

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumvera kawiri nditaweruka kuntchito kuchipatala kuno, ndipo ndaganiza zoyankhira pagulu pomwe pano kuti amene ali pafupi ndi asuweni amvere limodzi. Mwati kwa miyezi inayi tsopano zala za manja onse awiri a asuweniwo ndi zotupa, m'mawa zimauma moti satha kumanga chitenje kapena kugwira mthiko mpaka dzuwa litakwera, ndipo mukufunsa ngati munthu wa zaka 34 angadwale nyamakazi, poti anthu akukuuzani kuti amenewo ndi matenda a agogo.

Angadwale ndithu. Vuto ndi lakuti m'dzina limodzi la nyamakazi timaunjikamo matenda osiyanasiyana. Ya ukalamba imabwera chifukwa cha kuperepeseka kwa mafupa polumikizana, imakonda mawondo ndi chiuno, ndipo imapweteka kwambiri munthu akagwira ntchito. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi mtundu wina wotchedwa rheumatoid arthritis, umene chitetezo cha m'thupi, m'malo molimbana ndi tizilombo, chimatembenukira mfundo za mwini wake yemwe n'kumazitupitsa. Umenewu umagwira akazi kawirikawiri kuposa amuna, umayambira mfundo zazing'ono za zala ndi m'mikono mbali zonse ziwiri, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatenga ola lathunthu kapena kupitirira. Zala sindinaziwone ndi maso anga, n'chifukwa chake ndikuumirira kuti akawonedwe ndi dokotala mwezi uno.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi Indocid ndi Brufen amene mwati akugula okha n'kumamwa tsiku lililonse. Mankhwala amenewa amaziziritsa ululu, koma matendawo amapitiriza kudya mfundo mwakachetechete, ndipo chala chikapindika sichiwongokanso. Kuwonjezera apo, akamwedwa kwa miyezi amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Za mphini zimene anatemedwa sindidzudzula munthu, pakuti aliyense amafunira wodwala wake zabwino, koma pakhungu lotemedwa ndi pamene pamalowera matenda ena, choncho zimenezo ziyambe zaima.

Ayambire kuchipatala cha boma, afotokoze bwino za kuuma kwa m'mawa ndi kutalika kwa nthawi, ndipo apemphe kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Akatswiri a matenda a mfundo okhaokha ndi ochepa kwambiri kwathu kuno, kotero nthawi zambiri wodwala amawonedwa ndi dokotala wa matenda a m'thupi a akuluakulu. Dokotalayo adzagwira mfundo imodzi imodzi, adzafinya dzanja ngati akupereka moni kuti awone ngati akumva kuwawa, kenako adzatenga magazi. Poyeza magaziwo, zoyeza zotchedwa ESR ndi CRP zimasonyeza kukula kwa kutupa m'thupi, pamene rheumatoid factor ndi anti-CCP zimathandiza kudziwa mtundu wa matenda, ngakhale kuti alipo odwala ena amene magazi awo sasonyeza kanthu koma matendawo ali nawo. Adzajambulanso manja ndi chifuwa, ndipo musadabwe akawayeza HIV, matenda a chiwindi ndi TB, chifukwa mankhwala a nyamakaziyi amachepetsa mphamvu ya chitetezo ndipo dokotala ayenera kudziwa zimenezi asanayambe. Asuweni akanene ngati tsitsi likuthothoka, ngati ali ndi zilonda m'kamwa kapena zotupa kumaso zobwera ndi dzuwa, popeza zimenezo zimaloza ku lupus, matenda enanso a chitetezo cha m'thupi, amene amatha kugwira ndi impso zomwe.

Akapezeka ndi rheumatoid arthritis, mankhwala oyamba nthawi zambiri amakhala methotrexate, ndipo apa ndikupempha nonse mumvetsetse. Methotrexate amamwa kamodzi pa sabata, tsiku limodzi losankhidwa, osati tsiku lililonse. Ndinawonapo mayi wina atagonekedwa, m'kamwa muli zilonda zokhazokha ndi magazi atatsika, chifukwa anaganiza kuti ndi mapiritsi a m'mawa uliwonse ngati a BP. Amaperekedwa limodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid, magazi amayezedwa pafupipafupi kuti aone chiwindi ndi impso, mowa sayenera kumwa, ndipo sayenderana ndi Bactrim, amene anthufe timathamangira kukagula tikangotsokomola. Chinanso chachikulu, poti asuweni akadali pa msinkhu wobereka, n'chakuti methotrexate amawononga mwana m'mimba, choncho ngati iwo ndi amuna awo akufuna mwana wina akanene poyera tsiku loyamba lomwelo, chifukwa alipo mankhwala ena monga hydroxychloroquine ndi sulfasalazine amene dokotala angasankhe. Wa hydroxychloroquine amafunika kumayezetsa maso nthawi ndi nthawi.

Mankhwala amenewa sagwira ntchito msanga, amatenga masabata 6 mpaka 12 kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo pa nthawi yodikirayo dokotala amatha kuwonjezera pang'ono prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa msanga. Prednisolone amanyenga, azakhali, chifukwa m'masiku awiri okha munthu amafinya zovala ngati sanadwalepo, koma akakhalitsa naye amabweretsa shuga, BP ndi kufooka kwa mafupa, komanso akamwedwa nthawi yaitali sasiyidwa mwadzidzidzi.

Pokonzekera ulendo, wina awajambule manja ndi foni m'mawa akangodzuka, chifukwa pofika masana pamzere wa kuchipatala kutupa kumakhala kutaphwa. Atenge buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene amwa, ngakhale a zitsamba. Tsiku likadziwika mundiuze, ndisintha ntchito kuti ndikawaperekeze, ndipo za thiransipoti tikambirana ndi achimwene madzulo ano.