Tsitsi lothothoka kutsogolo mutabereka

Achemwali a ku Luchenza, mwafunsa kuti tsitsi lanu likuthothoka kutsogoloku pamene mwana ali ndi miyezi 4, ndipo apongozi akuti ndi nkhata ya ndowa. Nkhatayo ilibe mlandu. Amayi kuno ku Thyolo amasenza madzi ndi nkhuni kuyambira ali atsikana, ambiri tsitsi lili nalobe mpaka imvi.

Mayi akakhala woyembekezera, mahomoni amaligwira tsitsi kuti lisagwe. Akabereka mahomoni aja amatsika, ndiye tsitsi lonse lomwe linayenera kugwa m'miyezi ija limagwera pamodzi, makamaka pakatha miyezi 3 kapena 4. Ukapesa, chipeso chodzaza, mtima phaa. Limeneli limamera lokha, nthawi zambiri mwana akamakwanitsa chaka. Malungo aakulu amachitanso chimodzimodzi. Koma ngati mukumva chizungulire, kufooka, zikhatho zayera, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa ayironi kumathotholanso tsitsi.

Chandidetsa nkhawa ine ndi chithunzi mwaikachi. Malukidwe amenewo ndi othina zedi, timatuza tikuoneka m'mphepete mwa mphumi. Ine ndinkalukitsa mesh mwezi ndi mwezi. Usiku woyamba ndinkagona chokhala, Panado pambali, khungu likukoka mpaka nsidze kukwera, woluka n'kumati "pofika mawa liphwa". Kukoka kumeneko kumatopetsa mizu ya tsitsi. Poyamba ukamasula limameranso, koma zaka zikapita muzu umaferatu, pamatsala khungu losalala, lonyezimira, ndipo palibe mafuta a pa msika wa Bvumbwe amene angaudzutse. Kwanga kumanzereku mpaka lero ndimaphimba ndi duku. Masulani sabata yomwe ino, mutu upume miyezi ingapo, ndipo mankhwala owongolera tsitsi muyambe mwawasiya.

Abambo amene mukuseka kuti dazi ndi chizindikiro cha ndalama, kapena kuti limabwera ndi chipewa, ayi ndithu. Ndi la kumtundu, kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo homoni yotchedwa DHT ndiyo imafooketsa mizu pang'onopang'ono. Mankhwala odzola a minoxidil amathandiza ena, koma ukangosiya tsitsi limayambiranso kupita. Za kadazi kozungulira, kotuwa, pamutu pa mwana wasukulu ndi nkhani ina: kawirikawiri chimakhala chipere, chimafuna mapiritsi akuchipatala, zodzola zokha sichimva.