Droni kapena loboti: chiti chingakuuzeni kuti mbewu zikudwala?

Mayi wina amene amayang'anira munda waukulu wa chimanga wa gulu la alimi wandilembera imelo. Akuti gululo lapeza kandalama, ndiye mamembala agawanika: ena akufuna droni, kandege kouluka popanda munthu m'kati, ena akufuna loboti yoyenda pansi imene anaionera pa vidiyo. Akufunsa kuti pa ziwirizi, chimene chingawadziwitse msanga kuti mbewu zikudwala ndi chiti.

Mayi, zikomo polemba. Ndiyankha mosapsatira: droni ndi imene ingakuthandizeni kwambiri, koma musayembekeze kuti ikutchulirani matenda. Ntchito yake ndi kukulozerani mbali ya munda yoti mupiteko nokha.

Chifukwa chake ndi ichi. Tsamba lathanzi limamwa kuwala kofiira kwa dzuwa popanga chakudya, koma limabweza kuwala kwina kumene maso athu saona, kotchedwa near-infrared. Mbewu ikafooka, kuwala kosaonekako kumabwerako kochepa. Kamera yapadera imene amamangirira pa droni imayeza kuwala kuwiriku, kompyuta n'kuwerengera nambala yotchedwa NDVI, yoyambira pa -1 kufika pa 1. Njirayi si yatsopano, akatswiri anaiyamba m'zaka za m'ma 1970 pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ya Landsat. Pamapeto pake mumalandira mapu a munda, obiriwira pamene zomera zili ndi mphamvu, ofiira pamene zafooka.

Vuto lagona pofiirapo. Chimanga chosowa nayitrojeni, chosowa madzi, choima m'madzi olowa, chodyedwa mizu, zonsezi zikhoza kuoneka chimodzimodzi pa mapu. Udzu wonenepa nawonso umaoneka wobiriwira bwino, ndipo mapu amausangalalira ngati mbewu. Komanso chimanga chikakula n'kutseka mizere yonse, NDVI imafika pena pake n'kusiya kusiyanitsa chabwino ndi chabwino kwambiri. Ogulitsa zipangizozi sakonda kuitchula nkhaniyi.

Taganizirani za ntchemberezandonda, zimene zinapezeka koyamba mu Africa mu 2016. Mbozizi zimabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, pamene masamba atsopano akutulukira. Nthawi yabwino yozigwira ndi zikadali zazing'ono, pamene zangokanda timabowo pa tsamba. Pofika nthawi yoti kamera ya m'mwamba ione kuti pawonongeka, mbozizo zakula kale ndipo mankhwala sazipha mosavuta. Apa palibe chimene chimaposa munthu wotsegula nsongayo ndi zala.

Ndiye mwina loboti, poti ili pansi pomwepo? Maganizowo ndi omveka ndithu. Chitsanzo chodziwika ndi TerraSentia, kaloboti kakang'ono ka kampani ya EarthSense imene inachokera ku University of Illinois ku America. Kamayenda pakati pa mizere, pansi pa masamba, kakuwerenga mapesi ndi kuyeza kunenepa ndi kutalika kwake. Pansi pa masamba GPS, njira yodziwira malo kudzera pa setilaiti, imasokonekera, choncho kamadalira makamera ndi LiDAR, chipangizo choyeza mtunda ndi kuwala kwa laser. Mapesiwo droni singawaone chifukwa masamba apamwamba amaitchinga. Koma amene amapindula nako kwambiri ndi akatswiri opanga mitundu yatsopano ya mbewu, amene amayeza timinda tambirimbiri toyeserapo. Kwa mlimi wofuna zokolola, loboti imayenda pang'onopang'ono, imafuna mizere yowongoka, ndipo matope, makwawa ndi mapesi ogwa zimaiimitsa. Ikafa, woikonza sapezeka pafupi. Ine sindingalangize gulu la alimi kuikapo ndalama zake panopa.

Droni nayo ili ndi zofuna zake. Batire la madroni ang'onoang'ono ambiri limakhala pafupifupi theka la ola, ndiye mufunika mabatire angapo. Mphepo yamphamvu ndi mvula zimailetsa kuuluka. Zithunzi zimatengedwa mazanamazana, chilichonse chikuphimbako chinzake, kenaka pulogalamu ya pa kompyuta imazilumikiza kukhala mapu amodzi, ndipo pamenepa ndi pamene pamafunika munthu wodziwa. Ndi bwino kuuluka masana dzuwa lili pamutu, nthawi yofanana ulendo uliwonse, apo ayi mithunzi ikunamizani. Maiko ambiri salola kupitirira mamita 120 m'mwamba, ndipo amafuna kuti droni ilembetsedwe kapena woiulutsa akhale ndi chiphaso. Kafunseni ku bungwe loona za ndege m'dziko lanu musanagule.

Pali chachitatu chimene simunafunse. Masetilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya amajambula malo amodzimodzi pafupifupi masiku 5 alionse, ndipo zithunzi zake ndi zaulere pa intaneti. Kadontho kamodzi pa chithunzicho ndi mamita 10, pamene droni imaona masentimita ochepa chabe, komanso mitambo imatchinga setilaiti nthawi imene mbewu zili m'munda. Komabe pa munda waukulu zimakwanira kuonetsa mbali imene imatsalira chaka ndi chaka.

Ndikanakhala inu, Mayi, chaka chino ndikanayamba ndi zithunzi zaulerezo, n'kuchita hayala droni ndi woiulutsa wake kawiri: mbewu zikangomera, kuti muone mipata yofunika kubzalamonso, ndiponso musanathire feteleza wobereketsa. Malo alionse ofiira pa mapu, tumizani munthu akafukule nthaka, atsegule nsonga, alembe zimene wapeza. Mukakolola, yerekezani zolembazo ndi mapu aja. Ngati mapu anakupangitsani kusintha chinachake chimene simukanachiona poyenda wamba, kambiranani zogula droni yanuyanu chaka chamawa.