Za wezulo ija, msuweni

Eee msuweni, pepa ndachedwa, foni inatha moto. Wafunsa ngati bambo wachipewa chachikulu pa kiriketi uja ankaseweradi kale. Ee, ankasewera. Kumar Dharmasena, wa ku Sri Lanka. Mu 1996 timu yake inatenga chikho cha dziko lonse ku Lahore, mzinda wa ku Pakistan, itagonjetsa Australia, iyenso ali m'bwalo momwemo. Atasiya anakhala woyimbira, iwowo amati ampaya.

Koma iwe kiriketi unayamba liti kuikonda? Iwe amene sudziwa ngakhale kogwirira thabwa lija? Hehe. Ukufunsa chifukwa cha bondo lako lovulala lija, ndakudziwa.

Ukuwakumbuka amalume a ku Ngabu? Ayi, ndanama, a ku Nchalo, a njinga yopanda mabuleki aja. Ankasewera mpira wamiyendo, kumbuyo, nambala 5, munthu akawadutsa ankasiya jezi m'manja mwawo. Miyendo itatha anagula wezulo. Ndiye tsiku lina, dzuwa la Okutobala lija, bwalo fumbi lokhalokha, mudzi wathu ukusewera ndi a kutsidya kwa Shire, amalume anayimba penate yopweteka ife tomwe. Wolakwayo mwana wa achemwali awo enieni, ukumudziwa, sindimutchula pagulu pano. Anakoka munthu kabudula mobisa, palibe anaona, koma amalume anaona, si ndi ntchito yomwe ankagwira okha kale? Anthu anawathamangitsa mpaka mu nzimbe. Anatulukamo usiku udzudzu utawamaliza, agogo nsima anawamana masiku awiri. Aaa, ndikuseka ndekha kuno. Koma Loweruka lake a ku Bangula anabwera kudzawapempha kuti akawayimbire fainolo yawo.

Ndimati chiyani... ee, Dharmasena. Mu 2019, fainolo ya chikho cha dziko lonse pa bwalo la Lord's ku London, mpira woponyedwa unagunda thabwa la Ben Stokes wa timu ya England n'kutuluka bwalo, Dharmasena anapatsa England mapointi 6 m'malo mwa 5. England inatenga chikho, a New Zealand akulira. Ampayayo anavomera kuti analakwitsa, ntchito n'kupitiriza.

Ndiye iwe tenga wezulo. Bondo latha koma maso uli nawo, ndipo zachinyengo zonse za m'bwalo unazichita wekha, palibe mwana angakupusitse. Adzakutukwana, mwina ndiyambitsa ndine, koma tenga. Wamva? Kagule wezulo pa Nchalo mawa lomwe. Nsapato zothamangira zokha usagulitse.