Njinga ya Honda yokhala ndi supercharger: ndi zoona, koma musaike chimenechi pa 150cc yanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga yamoto ku Johannesburg. Akuti pa Facebook pakuzungulira zithunzi za njinga yatsopano ya Honda yokhala ndi supercharger, ndiye akufuna kudziwa ngati ndi zoona kapena ndi mphekesera chabe. Afunsanso kusiyana kwa turbo ndi supercharger. Funso lomaliza ndi limene ndikuona kuti likuwasowetsa tulo: kodi makanika angawaikire chipangizo chotere pa njinga yawo ya 150cc, poti ikangofika pachitunda ili ndi katundu imafooka?

Achimwene, zikomo polemba. Nkhani ya Honda ili ndi mutu wake. Mu November 2024, pa chionetsero cha njinga cha EICMA ku Milan, kampaniyi inaonetsa injini ya masilinda atatu okhala ngati chilembo cha V, yokhala ndi chopopera mpweya choyendera magetsi. Mu November 2025, pa chionetsero chomwecho, inabweretsa njinga yathunthu yotchedwa V3R 900 E-Compressor Prototype, ya 900cc, ndipo inati cholinga n'chakuti izikoka ngati ya 1200cc. Mawu akuti prototype muwasunge. Amatanthauza njinga yoyeserera, imene eni ake akuikonzabe.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi injini yeniyeniyo. Ambiri timaganiza kuti injini imadya petulo basi, koma chimene imameza kwambiri ndi mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Kuthira petulo wambiri n'kosavuta. Vuto ndi kulowetsa mpweya wokwanira m'silinda. Amene munaonako wosula makasu akugwiritsa ntchito mvukuto mukudziwa zimene ndikunena: makala omwewo, koma akawapopera mpweya amayaka mpaka chitsulo kufewa. Turbo ndi supercharger ndi mivukuto ya injini. Turbo imazungulitsidwa ndi utsi wotuluka ku ekizozi. Supercharger imazungulitsidwa ndi injiniyo kudzera m'magiya, tcheni kapena lamba. Ya Honda iyi ikuzungulitsidwa ndi mota yamagetsi.

Nanga bwanji magalimoto a turbo ali mbwee pamsewu, koma njinga zake n'zowerengeka? Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Turbo imadikira utsi. Mukapotokola dzanja, injini iyambe yatulutsa utsi wambiri, utsiwo uzungulitse turbo, kenako mphamvu ibwere. Pakati apo pamakhala kamphindi, ndipo mphamvuyo ikamabwera imabwera yonse pamodzi. M'galimoto mungomva msana ukukanikizika kumpando. Pa njinga, muli pakona mwapendekeka, tayala la kumbuyo likugwira phula ndi kachigawo kochepa ngati chikhatho, mphamvu yobwera modzidzimutsa imakugwetsani. Onjezerani kutentha pakati pa miyendo, mapaipi ofuna malo, ndi kulemera.

Makampani a ku Japan anayesa kale. Honda inatulutsa CX500 Turbo mu 1982, Yamaha inabwera ndi XJ650 Turbo, Suzuki ndi XN85, Kawasaki ndi GPz750 Turbo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 zonse zinali zitasiya kupangidwa. Zinali zodula, zovuta kukonza, ndipo munthu ankatha kugula njinga wamba ya 1000cc kapena 1100cc yothamanga chimodzimodzi pa mtengo wabwinoko. Ngakhale zimenezi sizinali zoyamba: mu 1939 Georg Meier anapambana mpikisano wa Senior TT ku Isle of Man pa BMW yokhala ndi supercharger, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, oyendetsa mipikisano analetsa zipangizozi.

Amene anaibweza nkhaniyi ndi a Kawasaki. Mu 2013 ku Tokyo Motor Show anaonetsa injini yokha, anthu n'kuyamba kunong'onezana monga mukuonera lero. Mu 2014 inatulukadi Ninja H2R ya 998cc, ya mahorsepower opitirira 300, yosaloledwa pamsewu, ndi inzake H2 ya pamsewu ya mahorsepower pafupifupi 200. Kampaniyi inapanga yokha supercharger yake, poti imapanganso zida za ndege ndi ma injini akuluakulu. Kachipupiza ka m'kati mwake n'kochepa kokwana m'dzanja, koma kamazungulira kuwirikiza 9 liwiro la injini, mpaka maulendo pafupifupi 130,000 pa mphindi imodzi. Popeza kamamangidwa ku injini, sikadikira utsi. Mu 2016 Kenan Sofuoğlu, katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, anafika makilomita 400 pa ola pa H2R pa mlatho wa Osman Gazi ku Turkey.

Koma pa chionetsero chomwecho cha ku Tokyo mu 2013, Suzuki inaonetsa Recursion, njinga yokongola ya 588cc yokhala ndi turbo. Magazini analemba, anthu anadikira zaka ndi zaka, njingayo sinafike m'sitolo. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira njinga ikakhala ndi mtengo ndi tsiku loyamba kugulitsidwa. Chithunzi chokha sichindikwanira.

Komabe ya Honda ikundisangalatsa, ndipo sindibisa. Mota yamagetsi siidikira utsi ngati turbo, siidikiranso kuti injini ikwere ngati supercharger ya magiya. Kompyuta ya njinga ikhoza kuiuza kuti ipope mpweya wochuluka injini ikadali pansi, pamene munthu ukunyamuka pa roboti kapena ukutuluka pakona. Mphamvu ya pamenepo ndi imene timaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Makilomita 400 pa ola ndi a munthu mmodzi pa mlatho wotsekedwa.

Tsopano za njinga yanu. Siikunama ikamafooka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, moti injini yopanda chopopera imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi ku Durban kunyanja. Akabaza a ku Dedza amakumana ndi zomwezi. Ndiye maganizo anu ndi olondola ndithu, chopopera mpweya chimabweza zimene mtunda walanda.

Koma chonde musachiike. Injini ya 150cc yozizira ndi mphepo inapangidwa kuti ipirire kutentha kwa mphamvu yake yomweyo. Mukaipanikiza mpweya, pamafunika petulo wowonjezera woyezedwa bwino, moto wa pulagi usinthidwe nthawi yake, pisitoni ikhale ina, kilatchi ikhale yolimba, ndipo turbo imafuna oyilo wopopedwa mwamphamvu amene pampu ya kainjini kotere siingakwanitse. Chimodzi chikaphonyeka, mafuta amaphulika nthawi isanakwane. Ndinagwirapo pisitoni ya njinga imene ankaiyendetsa ndi petulo wochepa mpweya wambiri: pamwamba pake panali bowo loti chala chaching'ono n'kulowa, m'mbali mwake chitsulo chitasungunuka n'kuuma ngati phula la kandulo. Imeneyo inalibe n'komwe turbo. Ndipo mabuleki ndi matayala anu adzakhala omwewo, inu muli pakati pa mataxi ndi bokosi kumsana.

Yambani ndi zotchipa. Tsukani kapena sinthani sefa ya mpweya, makanika aone mpata wa mavalavu ndi pulagi, tcheni ikhale yothira mafuta ndi yokoka bwino, matayala akhale ndi mpweya wokwanira. Ngati ndi ya kabuleta, auzeni aichune molingana ndi mtunda wa kumeneko, chifukwa yochunidwa kunyanja imamwa petulo wambiri ikakwera kumtunda. Ikamafookabe, ikani sipuroketi ya kumbuyo (chitsulo cha mano chimene tcheni imakolapo pa tayala) yokhala ndi mano awiri kapena atatu owonjezera: liwiro la pamwamba litsika pang'ono, koma pachitunda muimva ikukoka. Ndalama imene mukanapatsa woika turbo muisunge, muphatikize ndi yogulitsa njingayi, mudzagule ya 200cc kapena 250cc. Mukasintha sipuroketiyo mundilembere, mundiuze mano amene munali nawo ndi amene mwaika.