Paipi yaphulika usiku m'nyumba ya eni kunyanja: muyambira pati?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti pa Khirisimasi iwo ndi banja lawo anachita lendi nyumba ku Senga Bay, ku Salima, kwa masiku anayi. Usiku wachiwiri, cha m'ma 1 koloko, anadzidzimuka ndi phokoso la madzi kubafa. Kapaipi kofewa kapansi pa sinki kanali katang'ambika. Foni ya mwini nyumba inali yothima, mlonda sankadziwa potsekera, ndipo pofika m'mawa madzi anali atalowa kuchipinda, atanyowetsa matiresi omwe ana anayala pansi ndi kufufumitsa tsinde la wadirobu. Pano mwini nyumba akukana kubweza ndalama ya chikole. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi tikadatani usiku umenewo, nanga ndalama yathuyi ipite chonchi?"

Pepani kwambiri mayi. Ulendo umene munausungira ndalama chaka chonse n'kuthera pa chikolopa, zimawawa.

Ndiyambe ndi usikuwo. Madzi akamakhuthuka, manja amathamangira ndowa ndi matawelo, koma kukolopa mpope uli chitsegukire n'kutunga madzi ndi dengu. Choyamba ndi kutseka. Pansi pa masinki ambiri ndi kumbuyo kwa thanki ya chimbudzi pamakhala kavavu kakang'ono pomwe kapaipi kofewako kalumikizana ndi khoma. Mukakapotokola kumanja, monga muyendera muvi wa wotchi, madzi a malo okhawo amaima, nyumba yonse n'kukhalabe ndi madzi. Kakakhala kulibe, kapena kauma ndi dzimbiri, musalimbane nako ndi pulayala chifukwa kakhoza kuthyokera m'manja. Tulukani panja mukatseke gwero.

Apa ndi pomwe alendo ambiri amasokonekera, chifukwa nyumba za kunyanja sizilandira madzi mofanana. Ngati madzi ndi a Water Board (ku Salima ndi Central Region Water Board, ku Mangochi ndi Southern Region Water Board), vavu yaikulu imakhala pafupi ndi mita, kawirikawiri chakugeti kapena m'mbali mwa mpanda. Koma nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja zimapopa madzi pachitsime kapena m'nyanja momwemo n'kuwakweza m'thanki ya pansanja. Zikatero vavu yoti mutseke ili pa paipi yotsika kuchokera kuthanki, ndipo pampu nayo muithimitse, chifukwa ina imadziyatsa yokha madzi akatsika m'thanki. Nyumba zina zili ndi zonse ziwiri, mita ndi thanki. Mukatseka pamita pokha, thanki ya malita 5,000 ipitiriza kukhuthukira m'bafa mwanu mpaka itauma. Vavu yokhala ndi chogwirira chachitali imatseka chogwiriracho chikapingasa paipi, yachiwilo mumaipotokola kumanja mpaka italimba.

Ineyo zinandichitikirapo ku Mangochi. Ndinatuluka ndi tochi ya pafoni n'kumalondola paipi kuchokera kukhoma la bafa, ndikupalasa mchenga ndi phazi, mpaka pansi pa nsanja ya thanki. Vavuyo inali itabisika m'udzu, chiwilo chake chofiira chitasuluka ndi dzuwa, ndipo inatembenuka nditaikulunga nsanza n'kuigwira ndi manja awiri. Mlonda musamudandaule kwambiri, mayi. Ambiri amauzidwa zoyang'anira geti basi, za mapaipi palibe anawaonetsapo.

Mukatseka, tsegulani mpope wapanja kapena wina uliwonse wotsikitsitsa kuti madzi otsalira m'mapaipi atulukire kumeneko.

Tsopano magetsi, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Madzi akafika pa masoketi, pa ekisitenshoni yomwe ili pansi, kapena akamadontha kuchokera kudenga pafupi ndi babu, thimitsani swichi yaikulu pabokosi la magetsi. Chitani zimenezi manja ali ouma, mutavala nsapato za mphira, mutaponda pouma. Ngati bokosilo lanyowa, musalikhudze, tulutsani ana panja. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo pasimenti yonyowa amapha. Giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, nayo ithimitseni nthawi iliyonse imene mwatseka madzi, popeza chotenthetsera chake chimapsa chikayaka mopanda madzi. Giza zambiri zimakhala m'denga, ndipo ya malita 150 ikachucha siling'i imafufuma ngati mimba. Musaime pansi pake. Chotsani katundu, tcherani beseni, ndipo magetsi atathima booleni kabowo pofufumapo kuti madzi atsikire malo amodzi m'malo mogwetsa bolodi lonse.

Za kukonza ndinena mwachidule: m'nyumba ya eni, ntchito yanu ndi kuimitsa madzi. Paipi yong'aluka pang'ono mukhoza kuikulunga mwamphamvu ndi mphira ya chubu cha njinga kuti mufike m'mawa. Kudula paipi, kugumula khoma kapena kumasula giza, asiyireni pulambala amene mwini nyumba wavomereza. Mukayamba nokha, chilichonse chimene chidzawonongeke pambuyo pake adzaloza inu.

Tibwere ku ndalama ija. Tupaipi tofewato timatha ndi ukalamba. Mkati mwake ndi mphira, kunja ndi waya wolukidwa, ndipo m'bafa mwachinyontho wayayo amachita dzimbiri n'kuduka pang'onopang'ono mpaka mphira itasowa choigwira. Nthawi zambiri timaphulika usiku chifukwa ndi pomwe madzi amakhala ndi mphamvu, anthu atagona, kapena madzi akabwera mwaukali atasiya kwa maola angapo. Munthu amene wagona m'nyumbamo masiku awiri sangadzimbiritse paipi. Mmene ndikuonera ine, kukonza paipi ndi kuonetsa alendo potsekera ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo kukudulani chikole chonse si chilungamo. Mbali yanu inali kuyesetsa kuchepetsa chiwonongeko ndi kumudziwitsa msanga, ndipo mwanena kuti munaimba.

Choncho sonkhanitsani umboni. Jambulani pafoni mndandanda wa maulendo amene munaimba ndi nthawi zake, mauthenga a pa WhatsApp ngati munatumiza, ndi zithunzi za usikuwo. Funsani ngati kapaipi kaja kakadalipo, chifukwa dzimbiri lake lidzakuyankhulirani. Werenganinso zimene munagwirizana pa chikole, kaya papepala kaya pauthenga. Kenako alembereni eni nyumba mwaulemu, mufotokoze zomwe zinachitika ndi maola ake, mupemphe malisiti a zimene akonzetsa. Ngati munabukitsa kudzera pa Airbnb kapena Booking.com, dandaulo likadutse kumeneko, musangothera pafoni. Ngati pali pomwe inu munachedwa, monga kusiya matiresi m'madzi mpaka kucha, vomerani gawo limenelo, kukambirana kumafewa.

Mwanena kuti pa Isitala mukufuna kupita ku Cape Maclear. Mukangofika, zikwama zisanamasulidwe, pemphani woyang'anira nyumba akuonetseni vavu yaikulu, swichi ya pampu ndi bokosi la magetsi. Vavuyo muitembenuze nokha iye ali pompo kuti muone ngati ikutseka, ndipo mutenge nambala yachiwiri yoti muimbe usiku foni ya mwini nyumba ikadzathima.